Mlonda wa Chisanu wa ku Makete

Inu amene mwakhala pansi n'kumaona ngati zanu zatha, ndiloleni ndikuuzeni za Ezekia, mnansi wanga wa kuno ku Makete.

Chaka chimene mtengo unamugwera, Ezekia anasiya kulankhula. Ankagona m'chipinda chakumbuyo, nkhope atalozetsa kukhoma, bulangeti litafika m'makutu. Miyendo yake inali pabedi pomwepo koma sinkamva kanthu. Ngakhale kuitsina, mwini wake osadziwa.

Asanavulale anali wocheka matabwa. Ankalowa m'nkhalango za paini macheka a injini ali paphewa, ndipo eni mitengo ankachita kumulimbirana chifukwa mtengo unkagwera pamene iye wanena. Tsiku lina mphepo inatembenuka mtengo uli mkati mogwa, ndipo unamupeza pamsana. Anzake anamunyamulira pathabwa mpaka kumsewu. Kuchipatala madokotala anayesetsa, kenako anaitana mkazi wake, Yusta, n'kumuuza kuti amutengere kunyumba. Kuyenda kokha ndiye aiwale.

Miyezi yoyamba anthu ankabwera. A kwaya anadzaimba, anzake a matabwa anabweretsa shuga ndi sopo. Kenako mapazi anayamba kuchepa pakhomo, monga zimakhalira matenda akatalika. Anatsala Yusta yekha. Ankamutembenuza kuti asatuluke zilonda, kumusambitsa, kumuchotsera zonyansa, akatero n'kuthamangira kudimba, kamwana kawo Tuli kali kumbuyo.

Tsiku lina masana kunabwera mchimwene wake wa Yusta, dzina lake Gaudensi. Anakhala panja motsamira khoma la chipinda chomwecho, ndipo sanavutike n'kutsitsa mawu. Anauza mlongo wakeyo kuti akadali wamng'ono, kuti kwawo malo alipo, ndiponso kuti mtolo umenewu asenze ndi abale a mwamunayo.

"Yusta, ukusamala maliro amene akupuma," anatero.

Ezekia anamva zonse. Kuyambira tsiku limenelo chakudya chinkabwerera m'mbale momwe chabwerera. Ankangomwa tiyi pang'ono, ndiponso Yusta atachita kulira. Munthu amene ankanyamula chipika yekha anatsala mafupa okhaokha.

Ezekia anali ndi mlongo wake, Huruma, amene ankaphika panyumba ya mwini munda waukulu wa mapeyala ku Njombe. Atamva kuti mchimwene wake akukana kudya, anapempha tchuthi n'kukwera basi. Anafika ndi katoni. Anati abwana ake agula makina atsopano oyezera nyengo, ndipo akalewa amafuna kuwataya, iye n'kuwapempha.

M'katonimo munali zinthu zitatu. Choyamba chinali ndi timakapu titatu tozungulira ndi mphepo komanso kachitini kolandira mvula, choti chikhomedwe pamwamba pa mtengo panja. Chachiwiri chinali kabokosi koyera, kukula kwake ngati sopo wosambira, koyeza kuzizira ndi chinyezi cha mumpweya. Chachitatu chinali kagalasi kofanana ndi foni yaikulu, kokhala m'nyumba. Panalibe waya wolumikiza zitatuzi. Zapanjazo zinkangotumiza zimene zayeza kudzera mumphepo, manambala n'kumaoneka pagalasi.

Huruma anaika kagalasiko pampando pafupi ndi bedi.

"Kaka, achimwene anga, simungathe kupita panja. Ndiye panja pazibwera kwa inu."

Ezekia anatambasula dzanja n'kukavundikira chafufumimba.

Huruma sanakwiye. Iye ndi Yusta anadula nsungwi yaitali, anamangirira timakapu tija n'kuizika pabwalo. Kabokosi koyera anakakoleka pakhoma la khitchini, pansi pa tsindwi, kuti kasanyowe. Asananyamuke anafotokoza mokweza zimene nambala iliyonse imatanthauza, momwe anaonera kwa abwana ake, ngati akulankhula ndi khoma. Ezekia sanatembenuke.

Koma munthu wozolowera injini sapirira kukhala pafupi ndi makina osawagwira. Macheka ake ankawamasula yekha mpaka kabawuti komaliza. Patapita masiku, nyumba ili zii, anatembenuza kagalasi kaja.

Nambala imodzi inkasinthasintha. Anamvetsera. Kunja mphepo inawomba m'mitengo, nambalayo n'kukwera. Mphepo italeka, inatsika. Anayang'anitsitsa mpaka dzuwa kupendeka. Kwa nthawi yoyamba chivulalireni, panali chinthu chochitika panja chimene iye anachidziwa popanda womuuza.

Inali nthawi ya dzinja. Anayamba kuona kuti mvula isanabwere, kamuvi kena pagalasipo kankaloza pansi, chinyezi n'kukwera, mphepo n'kusintha kochokera. Sanauze munthu. Ankangoyembekezera kuti aone ngati denga la malata livomereze, ndipo kawirikawiri linkavomereza.

Tsiku lina Yusta anayanika nyemba pabwalo, kunja kuli dzuwa, ndipo ankakonzeka kupita kuchigayo. Ali pakhomo anamva mawu osasa kuchokera kuchipinda.

"Mama Tuli, anula nyembazo usanapite."

Anaima. Panali patapita nthawi yaitali asanamve dzina lake m'kamwa mwa mwamuna wake. Anayang'ana kumwamba, kunali mbee. Sanatsutse. Anaanula nyemba zonse n'kulowetsa m'nyumba. Asanafike n'kuchigayo komwe, mvula inagwa ya mkokomo, ndipo anansi amene anayanika zawo anazitola m'matope.

Yusta anabwera atanyowa thupi lonse, ufa ataukulunga m'pulasitiki. Analowa m'chipinda madzi akuchucha.

"Baba Tuli, lero mwagwira ntchito. Munthu wogwira ntchito amadya."

Anaphika mbatatesi ndi nyemba zomwezo. Ezekia anamaliza mbale yonse.

Nkhani ikanathera apa ikanakhala yokoma, koma sinathere apa.

Kuno kwathu mvula ikatha timatsikira kumadimba, m'zigwa momwe chinyezi chimatsalira, n'kubzala mbatatesi. Mbatatesi ya m'chilimwe ndiyo imagula yunifolomu, ndiyo imagula feteleza wa chaka chotsatira. Mdani wake ndi chisanu. Mwezi wa Juni kapena Julaye munthu umagona munda uli wobiriwira, kukacha n'kupeza udzu wayera ngati wathiridwa mchere, dzuwa likangotuluka masamba onse n'kuda ngati awauka ndi moto. Ukadziwiratu, umafunditsa mbewu ndi udzu wouma dzuwa lisanalowe. Koma kufunditsa dimba lonse ndi ntchito yothyola msana, ndipo palibe angaichite madzulo alionse.

Mbiri ya nyemba ija inali itamveka m'mudzi, ndipo Ezekia anadzikhulupirira mofulumira. Madzulo ena ataona nambala ya kuzizira ikutsika, anatuma Yusta kuti auze onse olima m'chigwa chathu kuti kugwa chisanu. Tinasiya zonse, tinasenza mitolo ya udzu, tinafunditsa mpaka mdima. Usiku kunabwera mitambo, chisanu osagwa. Sabata yotsatira anachenjezanso, tinafunditsanso, ndipo kunacha bwinobwino.

Pamalo omwera ulanzi, mowa wathu wa nsungwi uja, anamupatsa dzina. Ankamutcha mneneri wa pabedi. Wina akafuna kuseketsa anzake ankanyowetsa chala, kuchikweza m'mwamba n'kunena kuti mawa kugwa nsomba. Mawu amenewa anamufika, pajatu m'mudzi mawu sasowa owanyamula.

Ndiye kunabwera madzulo ena abata, kumwamba kopanda kamtambo n'kamodzi komwe. Yusta anafunsa ngati afunditse. Ezekia anayang'ana pagalasi, nambala inali pamwamba ndithu, kutali ndi ya chisanu. Manyazi a maulendo awiri aja analinso akadamugwira. Anamuuza kuti apume.

Kutacha chigwa chonse chinali choyera.

Palibe dimba limene linapulumuka. La Yusta linali pansi penipeni pafupi ndi mtsinje, ndipo linapsa lonse. Mbewu yake anaigula atagulitsa macheka a mwamuna wake, chinthu chomaliza chamtengo chimene chinatsala m'nyumbamo. Anabwera kunyumba atanyamula tsinde limodzi lakuda. Analiika pakhonde n'kukakhala kuseri kwa nyumba.

Gaudensi anabweranso, ulendo uno analowa m'chipinda momwe.

"Shemeji, alamu anga, ndilibe nanu chifukwa. Koma mlongo wanga ndi mwanayu adya chiyani? Manambala?"

Mlamu wakeyo atatuluka, Ezekia anaitana Yusta. Anamuuza modekha kuti mchimwene wake sakunama. Atenge mwana apite kwawo, iye abale ake aona chochita naye. Anati wamudyera unyamata wake, ndipo tsopano wamudyeranso munda.

Yusta anamvetsera mpaka anamaliza.

"Mundithamangitse chifukwa simukundifuna, ndipita. Koma musandithamangitse chifukwa chochita manyazi. Mbatatesi yapsa m'chigwa chonse, ya amuna a miyendo iwiri yomwe. Akazi awo apita kuti?"

Anatuluka kukasonkha moto.

Ezekia anakhala ndi funso limodzi limene linkamudya. Makina sananame pa mvula. Nanga ananamiranji pa chisanu? Analisinkhasinkha osapeza yankho. Pomaliza anapempha chinthu chimene anali asanapemphepo chibwerereni kuchipatala. Anati akufuna kupita kudimba.

Amene anabwera kudzathandiza anali Mzee Kiswaga, mkulu amene walima m'chigwa chimenechi chiyambire unyamata wake, nayenso dimba lake linali litapsa. Anabwereka wilibala, anayalamo matumba ndi bulangeti. Iye ndi Yusta anamukweza n'kuyamba kutsika naye pang'onopang'ono, dzuwa litapendeka. Anthu ankaima m'njira kumuyang'ana. Ena anapereka moni, ena anangoyang'ana kumbali. Ezekia anaweramitsa mutu.

Ali pakati pa mtsetse anamva kanthu kumaso. Mpweya unasintha ngati walowa m'madzi. Pamene ankafika pamtsinje, zala zake zinali zitauma ndi kuzizira, chonsecho kunyumba anachokako kukutenthera.

Anafunsa Mzee Kiswaga ngati zimakhala choncho masiku onse. Mkuluyo anaseka pang'ono. Anati kuzizira kuli ngati madzi, kumatsetsereka m'phiri n'kudzadikha m'chigwa. Mphepo ikamawomba imakuvundula, mitambo ikakhalapo imafunditsa nthaka. Koma kumwamba kukayera, mphepo n'kufa, mpweya n'kuuma mpaka milomo kung'ambika, tsiku limenelo usagone. Anati zimenezi aliyense wolima kuno amazidziwa, chovuta n'chakuti masiku otero ndi ambiri, ndipo munthu sudziwa kuti mwa onsewo lakupha ndi liti.

Kenako anafunsa komwe kabokosi koyeza kuzizira kanali. Yusta anati pakhoma la khitchini.

"Mwana wanga, mlonda wako wamuika pamoto, ndiye ukudabwa kuti sakumva kuzizira?"

Ezekia anayang'ana masamba akuda aja. Makina sananame. Ananena zoona za khoma la khitchini.

M'mawa mwake Yusta anachotsa kabokosiko n'kukakaika kudimba. Pagalasi nambala inazimiririka, panangotsala timizere. Kunali kutali, ndipo pakati panali chitunda ndi chitsamba cha nsungwi. Apa ndi pamene munthu wina akanasiyira.

Ezekia sanasiye. Anapempha kuti bedi lake alichotse m'chipinda chakumbuyo n'kuliika pabalaza, pawindo loyang'ana kuchigwa. Sizinathandize. Anauza Yusta kuti akweze kabokosiko pamtengo. Nambala inabwera, koma anazindikira kuti pamwamba pa mtengo si pomwe mbatatesi imakhala, ndipo anamuuza kuti akatsitsenso kufika m'mawondo. Inathawanso. Anasuntha kagalasi kuchoka pawindo kupita pakhomo, kuchoka pakhomo kupita pakhonde. Yusta ankatsika ndi kukwera mtsetse umenewo mpaka miyendo kutupa, mwamuna wake akumukodola ndi nsalu yofiira pawindo kuti asunthire kumanja kapena kumanzere. Masiku ena ankakangana. Tsiku lina Yusta anaponya kabokosiko muudzu n'kunena kuti watopa nazo, madzulo n'kupitanso kukakafunafuna.

Anali Mzee Kiswaga amene anamaliza nkhaniyo. Nsungwi zotchingazo zinali zake, zomwe ankagomamo ulanzi. Anabwera ndi chikwanje m'mawa wina n'kudula mbali yonse yoyang'ana kunyumba ya Ezekia. Kabokosi kataikidwa m'mphepete mwa dimba moyang'anizana ndi windo, nambala inabwera n'kukhazikika.

Chotsala cha nyengo yozizira imeneyo Ezekia sanachenjeze munthu. Ankangophunzira. Dzuwa likamalowa ankaona mmene kuzizira kukutsikira, mmene chinyezi chilili, ndi ngati timakapu tapabwalo tikuzungulira. M'mawa ankafunsa aliyense wochokera kuchigwa ngati udzu unayera, ndipo unayera kufika pati. Ena ankamuyankha monyoza, iye n'kuthokoza. Anaphunzira kuti nambala imodzi payokha siuza kanthu, zimafunika zitatu zigwirizane. Anaphunziranso kuti mabatire otchipa amafa kukazizira kwambiri, pa nthawi yomwe akufunika, ndipo anasiya kuthira shuga mu tiyi kuti agule abwino.

Chaka chimenecho m'nyumbamo munali njala. Yusta ankalima maganyu ndi kusenza matabwa a anthu kuchokera m'nkhalango kupita kumsewu. Ezekia anati manja ake sanapuwale. Anayamba kusenda mbatatesi, kusankha nyemba, kusoka matumba, kunola makasu ndi zikwanje za anansi. Ankadzikoka ndi chingwe chimene anamangirira kudenga mpaka mapewa ake anabwerera. Anaphunzira kudzitsitsa pabedi ndi kudzikweza yekha. Anagwa kambirimbiri, ndipo ulendo wina Yusta anamupeza pansi atang'ambika pachipumi, akuyesanso.

Juni wotsatira tinabzalanso, pakuti mlimi alibe kwina kopita. Yusta anabzala mbewu imene Mzee Kiswaga anamugawira.

Masiku ozizira anabwera n'kupita, Ezekia ali chete. Anthu ena ankamufunsa mwachipongwe ngati mneneri wapuma pantchito, iye n'kuyankha kuti lero gonani. Ndipo kunkachadi bwino.

Kenako linafika tsiku lina. Chakumasana mpweya unauma. Dzuwa lisanafike paphiri timakapu tinaima, ndipo kuzizira kwa kudimba kunayamba kutsika mofulumira kuposa tsiku lina lililonse limene anaonapo. Ezekia anayang'ana nthawi yaitali. Ankadziwa kuti akalakwitsanso, palibe adzamumverenso mpaka kalekale. Ankadziwanso zimene kukhala chete kunachita chaka chatha.

Anaitana mkazi wake.

"Mama Tuli, ndi lero. Uwauze kuti ndikhoza kulakwa, koma dimba langa ndikufunditsa."

Yusta anayenda khomo ndi khomo. Mzee Kiswaga sanafunse kawiri, anatenga zidzukulu zake n'kutsika ndi udzu. Mabanja ena anatsatira, langa lomwe. Ena anakana, anati misana yawo si yoseweretsa. Tinafunditsa mpaka kusaonana nkhope, ndipo udzu utatha ena anayala matumba ndi zitenje.

M'bandakucha ndinatsika kudimba. Udzu wa m'njira unkaphwanyika kumapazi. Madzi amene wina anasiya m'chitini anali ataundana. Tinadikira dzuwa, ndipo litakwera tinayamba kuvundukula. Masamba a m'mphepete anali atapsa, mizere ina yomwe udzu unachepa inapita. Koma pansi pa udzuwo munda unali wamoyo.

Panalibe wokuwa kapena kuvina, chifukwa pambali pathu panali anzathu ataima m'madimba akuda, manja ali m'khosi. Mzee Kiswaga anazula tsamba limodzi lobiriwira, anakwera mtsetse pang'onopang'ono ndi ndodo yake, n'kukalipereka kwa Ezekia pawindo. Ezekia analigwira, anaphimba nkhope ndi mkono, mapewa ake n'kumagwedezeka.

Pokolola, aliyense amene anapulumutsa dimba anasiya mbatatesi pakhomo pake, wina ndowa, wina thumba. Panalibe amene anawauza kutero. Amene anapsa minda aja anabwera nawonso, osati ndi mbatatesi, koma ndi nambala zawo za foni.

Kuyambira pamenepo ntchito inakula. Ezekia ankatumiza uthenga wapafoni kwa olima a m'chigwa chathu, kenako a chigwa chotsatira anasonkherana n'kugula kabokosi kawo ndi kagalasi kawo, iye n'kuwaphunzitsa poika ndi mowerengera. Nthawi ya dzinja anaona kuti chinyezi chikakhala pamwamba masiku otsatizana, chiwawu chimagwira mbatatesi ndi tomato, ndipo anayamba kuuza anthu nthawi yoyenera kupopera mankhwala. Ankawauzanso tsiku loti asapopere chifukwa mvula itsuka zonse. Sikuti sankalakwa. Ankalakwa ndithu, ndipo akalakwa ankanena yekha anthu asanamuuze. N'chifukwa chake ankamukhulupirira.

Huruma atabweranso anapeza mchimwene wake ali pakhonde, pachikuku chimene anthu a kutchalitchi anamupezera, akunola khasu. Anakhala pansi n'kulira. Atatonthola anamuuza kuti ku Njombe anthu akulimbirana mbande za mapeyala zomezanitsa, ndipo ntchito yomezanitsayo munthu amagwira atakhala pansi. Chofunika ndi mpeni wakuthwa ndi dzanja losanjenjemera.

Anamubweretsera nthambi za mtundu wabwino ndipo anamuonetsa kadulidwe kake. Zoyamba zinauma pafupifupi zonse. Zachiwiri zinagwira zochepa, chisanu n'kudzatenga theka. Ezekia anamangitsa shedi ya pulasitiki pafupi ndi nyumba, anagula kabokosi kena n'kukaika mkatimo. Kukatentha kwambiri masana ankaona pagalasi n'kutsegula m'mbali. Kukafuna kuzizira ankatseka ndi kuikamo mbaula. Mbande zachitatu zinagwira, ndipo zinagulidwa zonse zisanakule n'komwe.

Lero nazale ya Ezekia imadziwika mpaka kutali. Magalimoto amabwera kudzatenga mbande. Walemba ntchito anthu angapo, ndipo awiri mwa iwo ndi anzake a matabwa amene nawonso nkhalango inawalumaza, wina dzanja, wina mwendo. Yusta anasiya kusenza matabwa, ndiye amalankhula ndi ogula. Tuli ali pasukulu. Gaudensi amabwera kudzagula mbande ngati wina aliyense, ndipo Ezekia amamulandira ndi tiyi. Za kale sanazitchulepo.

Musaganize kuti zonse zinakhala bwino. Ezekia sanayende, ndipo sadzayenda. Zilonda zimabwera nthawi zina n'kumugoneka milungu. Alipo masiku amene msana umamupweteka mpaka kulephera kugwira mpeni, ndipo alipo masiku amene amamva macheka akulira m'nkhalango n'kukhala chete tsiku lonse. Yusta amawadziwa masiku amenewo, amangomuikira tiyi pafupi n'kumusiya.

Posachedwapa kunabwera mayi wina wachikulire kudzagula mbande. Anamuyang'ana akumezanitsa, zala zikuyenda mofulumira, ndipo chisoni chinamugwira. Anamufunsa ngati amapempherabe kuti Mulungu amudzutse.

Ezekia sanasiye kumanga kanthambi kamene kanali m'manja mwake.

"Ndimapempha m'mawa uliwonse, mayi. Koma podikira yankho, ndimamezanitsa mapeyala."

Inu amene mukuwerenga, sindikudziwa chimene chinakugwerani. Mwina ndi matenda, mwina ntchito inatha, mwina munayesa kudzuka anthu n'kukusekani, kenako munagwanso moposa poyamba. Chimene chinapita mwina sichidzabwerera, ndipo sindikunamizani kuti chidzabwerera. Koma yang'anani chimene chatsala. Ngati ndi manja, agwiritseni ntchito. Ngati ndi maso ndi mutu, phunzirani chinthu chimodzi mpaka muchidziwe bwino. Mukalakwa, funsani pomwe munalakwira, konzani, muyesenso. Ndipo amene wakana kukusiyani, musamuthamangitse.

Pempherani, dikirani, koma podikirapo manja asakhale. Osataya mtima.